Tepi Yoyezera

Fomu inafunsa dzina la bambo.
Iwe unayang'ana kudenga la shedi
ngati malata akudziwa.
Ndinajambula mzere, ndinapitirira.
Zaka? "Mwina khumi ndi zinayi."
Kokhala? Unaseka:
"Pansi pa mlatho, aphunzitsi,
mbali yosafika mvula."
Mpata wa pafomu unachepa,
mlatho sunakwanemo.

Anakubweretsa ndi Mayi Nasimango,
aja amayenda usiku ku depoti
ndi fulasiki ya tiyi ndi kope lakutha,
kuitana ana ndi mayina awo enieni.
Kumsika unali Chenji.
La Yotamu analifukula okha,
likadali ndi dothi.

Kuno ku Mchesi, mwana iwe,
matabwa ambiri amathera kumanda.
Mabokosi amaima m'mbali mwa msewu,
opakidwa vanishi, kudikira eni ake.
Ife pashedi pano timakhoma madesiki.

Sabata yoyamba unkadya phala
msana utatsamira khoma,
dzanja lina litaphimba mbale.
Guluu ndinkamutsekera m'kabati,
kiyi m'thumba langa.
Unaona. Sunanene kanthu.
Sabata yachitatu sowo inayamba kukumvera,
utuchi unakuyeretsa nsidze
ngati nkhalamba yobadwa dzulo.

Kenako, Lachinayi lina,
tepi yanga yoyezera inasowa.
Iwenso.

A komiti anagwedeza mitu:
"Tinanena. Kuwongola mtengo n'poyamba."
Ndinangoti zikomo.
Koma ine ndine kalipentala,
thabwa lopindika sinditaya,
limakhala msana wa mpando.

Ndinakufuna mu Malangalanga
pakati pa mawilibala ndi oitanira minibasi.
Ndinalipira pa milatho ya matabwa kawiri,
kupita ndi kubwera,
maso ali pansi, m'mabango,
m'madzi odzadza majumbo.
Anzako anati sakukudziwa.
Wina anandipempha ya mandasi,
ndinampatsa, anandiuza bodza labwino.

M'kaundula ndinasiya kulemba kuti wajomba.
Ndinkangosiya poyera.

Lolemba la sabata yachinayi
ndinakupeza pageti, mvula ikuwaza,
tepi ili m'manja, yayamba dzimbiri,
ndi chibenthu cha katoni
cholembedwa ndi khala:
mita imodzi, masentimita khumi ndi awiri.
"Ndi muyeso wa mng'ono wanga."

Yotamu, ku Mchesi kuno
munthu akabwera ndi muyeso wa mwana
sitifunsa zambiri.
Mawondo anga anamasuka.
Ndinagwira chitseko.

"Ayi, aphunzitsi, ali moyo!
Ndikufuna bedi.
Mtsinje ukakwera, katoni imanyowa
ndipo amatsokomola mpaka m'mawa.
Ndinachedwa chifukwa sagona mowongoka,
amadzipinda ngati bongololo.
Ndimadikira tsiku loti atambasuke."

Sindinakukalipire za tepi.
Ndinakuuza kuti uwonjezere masentimita makumi atatu,
chifukwa ana amakula
ngakhale palibe wowauza.

Mu dirowa muli kalata
yoti thandizo likutha mu Disembala.
Ndaiwerenga kanayi, sinasinthe.
Mayi Nasimango akuti tidzagulitsa mipando,
a komiti akuti tidzaona.
Iwe sindinakuuze.
Lero tikudula miyendo ya bedi
ndipo ukulimbikira kuti ikhale yaitali,
yoposa pamene madzi anafika chaka chatha.

Ndakuuza kuti bedi silipita pansi pa mlatho.
Kwa Mayi Nasimango ku Kawale
kuli chipinda chosungira makala,
asesamo dzulo.
Wati uyamba wakachiyeza.

Wabwera naye masana ano,
Lekeleni, wa malaya ofika m'mawondo,
wakhala pa utuchi, akusanja misomali yopindika
ikuluikulu kwayokha.
Ndatulutsa fomu ina.
Dzina la bambo: mzere.
Zaka: wakweza zala zisanu ndi ziwiri,
kenako wapinda chimodzi.
Womusamala?

Sunakweze n'komwe mutu.
Pensulo ili kukhutu, sowo ili m'thabwa,
wangoti,
"Lembani ine."